Google kapena Facebook: ndalama yotsatsira malonda muyiike kuti?

Aliyense amene wasunga kangachepe kotsatsira bizinesi yake amafika pa funso limodzimodzi: ndalamayi ndipereke ku Google kapena ku Facebook? Ndaliyankha pafoni, ndaliyankha pa WhatsApp, ndipo tsopano ndaona kuti ndi bwino ndilembe kamodzi kuti wofuna aziwerenga yekha. Yankho lake limadalira zinthu zitatu: chimene mukugulitsa, munthu amene mukufuna kuti agule, ndi ndalama imene kasitomala mmodzi amakusiyirani mukachotsa zonse zimene mwalowetsa.

Tiyambe ndi kusiyana kwake, chifukwa ambiri amasokonekera pomwepa. Pa Google munthu amalemba yekha chimene akufuna, ndipo adiveti yanu imatuluka pamwamba pa zotsatira, ili ndi mawu akuti Sponsored. Mumalipira munthuyo akadina. Pa Facebook ndi Instagram, zomwe mwini wake ndi kampani ya Meta pamodzi ndi WhatsApp, munthu sakufuna chilichonse. Akuona zithunzi za ukwati wa msuweni wake, kenako adiveti yanu yamutulukira pakati, ndipo kawirikawiri mumalipira chifukwa choti yaonetsedwa. Wa pa Google ali ngati munthu amene walowa mumsika wa Limbe n'kumafunsa kuti ogulitsa maloko ali mbali iti. Wa pa Facebook ndi uja wakhala m'minibasi pa depoti, inu mukumuonetsa katundu pawindo: akhoza kugula ngati chamugwira mtima, koma sanachoke kunyumba ndi maganizo amenewo.

1. Fufuzani ngati anthu amachifunafuna chimene mukugulitsa

Dzifunseni kuti, kodi kasitomala wanga amadziwa kuti akusowa chinthuchi asanachione? Munthu amene paipi yamuphulikira usiku amadziwa. Wofuna galimoto ya hayala kuchokera pabwalo la ndege la Chileka amadziwa. Chimodzimodzi wofuna okumba mjigo, woika sola, malo ogona ku Mangochi, loya, kapena sipeya ya galimoto. Anthu amenewa ali kale ndi vuto m'manja, akungosowa womuimbira. Awa ndi a Google.

Koma palibe mayi amene amadzuka m'mawa n'kukalemba pa Google kuti akufuna diresi ya chitenje yosokedwa mwa mtundu umene sanauonepo. Amaiona pa chithunzi, mtima n'kudumpha. Zovala za kaunjika zosankhidwa bwino, nsapato, mawigi, makeke, mafuta odzola, mipando ya pabalaza, chakudya chamasana chobweretsedwa ku ofesi, zonsezi zimagulidwa ndi maso. Izi ndi za Facebook ndi Instagram.

Musangoganizira, yesani. Tsegulani Google pafoni n'kuyamba kulemba dzina la malonda anu ndi tauni yanu, muone ngati Google ikumalizitsa yokha mawuwo. Ikamalizitsa, ndiye kuti ena analembapo. Mukatsegula akaunti ya Google Ads, yoyendetsera maadiveti a pa Google, mupezamo chida chotchedwa Keyword Planner, chomwe chimaonetsa kuchuluka kwa anthu olemba mawu amenewo pamwezi. Sankhani Malawi kapena mzinda wanu, apo ayi muona ziwerengero za dziko lina n'kusangalala pachabe. Kumbukiraninso kuti Amalawi ambiri amalemba Chingerezi pa Google ngakhale amalankhula Chichewa tsiku lonse, choncho yesani mawu onga plumber Lilongwe kapena car hire Blantyre. Mukapeza kuti olemba ndi ochepa kwambiri, Google singakupangireni anthu amene kulibe. Ndalama yanu siitha, komanso foni siilira.

Za ku Facebook, pali malo aulere otchedwa Meta Ad Library. Mukasankha Malawi n'kulemba dzina la tsamba la mnzanu wopikisana naye, muona maadiveti onse amene akuyenda panopa ndi tsiku limene anayamba. Adiveti imene yakhala ikuyenda miyezi ingapo osaimitsidwa, mwina mwini wake akupezapo kanthu.

2. Ganizirani foni ndi bandulo ya kasitomala wanu

Malangizo olembedwa kunja sanena zimenezi, koma kwathu kuno ndi nkhani yaikulu. Airtel ndi TNM amagulitsa mabandulo a WhatsApp ndi Facebook paokha, otsika mtengo kuposa a intaneti yonse, ndipo anthu ambiri amagula amenewo. Munthu wa bandulo yotere adiveti yanu ya pa Facebook aiona, koma akadina linki yopita ku webusayiti tsamba silitseguka. Pa Google ndiye safikako n'komwe. Ngati makasitomala anu ndi a ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi amene amagula bandulo ya tsiku, Facebook yolumikiza ku WhatsApp ndiye njira yanu.

Ngati ndi anthu a m'maofesi, ogula katundu wa mabungwe, kapena alendo akunja amene akukonza ulendo wa ku Liwonde, ku Cape Maclear kapena kuphiri la Mulanje ali ku London, amenewo amayambira pa Google. Mwini loji amene akufuna alendo otere ndipo ndalama zake zonse akuziika pa Facebook ya ku Malawi akuitana anthu olakwika. Pali gulu lina lapakati: abale athu a ku Joni ndi ku UK amene akumanga nyumba kumudzi kapena akufuna kugulira makolo sola. Iwowa ali ndi intaneti yokwanira, amafufuza pa Google, komanso amakhalitsa pa Facebook kutsata nkhani zakumudzi. Njira zonse ziwiri zimawapeza, bola musankhe dziko limene ali.

3. Konzani pofikira munthu akadina

Adiveti ya pa Google pafupifupi nthawi zonse imafuna tsamba la pa intaneti loti munthu afikirepo. Tsambalo lizitseguka msanga pafoni, lionetse mtengo kapena poyambira mtengo, malo amene muli, ndi nambala yoti angodina n'kuimba. Ngati mulibe webusayiti, kapena ilipo koma inakonzedwa kalekale ndipo nambala yake ndi ya munthu amene anasiya ntchito, musayambe mwalipira Google. Yambani mwalembetsa Google Business Profile. Ndi yaulere, imaika bizinesi yanu pa Google Maps ndi nambala, nthawi yotsegula ndi zithunzi, ndipo kwa saluni, galaja kapena lesitilanti imabweretsa anthu musanalipire ngakhale tambala.

Facebook siifuna webusayiti. Adiveti ikhoza kukhala ndi batani lopita ku WhatsApp yanu. Koma pofikira pamenepo ndi inuyo. Ngati mumayankha mameseji pakapita maola asanu, munthu uja wagula kale kwina kapena chilakolako chamuthera. Ikani WhatsApp Business, lembani katalogi ya katundu ndi mitengo, ndipo adiveti iziyenda nthawi imene pali munthu wogwira foni.

4. Werengani mtengo wa kasitomala mmodzi

Apa ndi povuta, ndipo ndi pamene ambiri amadumpha. Musanalipire aliyense, muyenera kudziwa ndalama yokwera kwambiri imene mungapereke kuti mupeze wogula mmodzi popanda kudya mpamba. Popanda nambala imeneyi simungadziwe ngati Google kapena Facebook yakuchitirani bwino, mungoyendera kumva kukoma kwa ma likes.

Tiyerekeze kuti mumaphika makeke ku Area 25. Manambalawa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu. Keke mumagulitsa K45,000. Fulawa, mazira, shuga, batala, bokosi, gasi ndi wakabaza wokapereka zikudya K30,000. Phindu ndi K15,000. Pa phinduli mwavomera kupereka K5,000 kuti mupeze kasitomala watsopano. Tsopano yang'anani m'foni mwanu mameseji a mwezi wathawu: pa anthu 10 ofunsa mtengo, ndi angati anatumizadi ndalama? Tinene kuti ndi 2. Ndiye kuti mumafunika mameseji 5 kuti mugulitse keke imodzi, ndipo meseji imodzi isapitirire K1,000. Nambala imeneyi ilembeni pakhoma.

Mwayendetsa adiveti, mwawononga K40,000, mwalandira mameseji 80. Facebook ikuuzani mosangalala kuti meseji iliyonse yakudyerani K500 yokha, theka la malire anu. Koma mukawerenga ogula mupeza kuti ndi 4. Wogula mmodzi wakudyerani K10,000, kuwirikiza kawiri zimene munavomera. Mameseji anali otchipa chifukwa ambiri anali a anthu ongofunsa kuti "zingati?" n'kusowa. Facebook siidziwa zimenezi. Malonda athu amathera pa WhatsApp ndipo ndalama imalowa pa Airtel Money, pa Mpamba kapena pamanja, kumene Meta ndi Google saona. Wowerenga ndinu nokha.

Tsopano taonani woika sola amene ntchito imodzi imamusiyira K600,000. Iye akhoza kulipira K1,500 pa kudina kumodzi pa Google osadandaula. Anthu 100 akadina ndi K150,000. Mwa iwo 10 aimba foni, mmodzi apereka ntchito, ndipo watsala ndi K450,000. Wophika makeke uja atalipira mtengo womwewo pa kudina kumodzi akhoza kutseka bizinesi mwezi usanathe. N'chifukwa chake Google imayenera kwambiri malonda a phindu lalikulu pa munthu mmodzi, pamene katundu wa phindu lochepa amafuna njira yofikira anthu ambiri motchipa.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasintha masamuwa, ndicho kubweranso kwa kasitomala. Wogula keke ya tsiku lobadwa akhoza kudzaodanso ya chinkhoswe ndi ya ukwati. Wodzazitsa gasi amabwera mwezi ndi mwezi. Woweta nkhuku akazolowera chakudya chanu amaoda gulu lililonse la anapiye. Ngati makasitomala anu amabwereradi, mukhoza kuvomera kupereka phindu lonse la oda yoyamba. Koma zikhale zimene mwaona m'buku lanu, zisakhale zimene mukulakalaka.

Nanga mudziwa bwanji kumene wogula wachokera? Njira yosavuta ndi kope ndi cholembera. Lembani mizere ya tsiku, dzina, kumene wachokera, chimene wafunsa, ngati wagula, ndi ndalama zingati. Meseji yochokera pa adiveti ya Facebook imafika pa WhatsApp ikuonetsa adiveti imene munthuyo wadina, ndipo mukhoza kulemberatu mawu oyamba amene azitumiza, osiyana pa adiveti iliyonse. Mu WhatsApp Business muli malebo, ndiye pangani lina la ofunsa, lina la olipira. Kwa oimba foni, funsani mwaulemu kuti "Mwatidziwira kuti, bwana?" ndipo wantchito wanu aphunzire kufunsa funso lomweli nthawi zonse. Ngati mungathe, gulani simu ina yoti nambala yake izikhala pa Google pokha. Ikalira foni imeneyo simufunikanso kufunsa. Ndipo m'kopemo muzilemba kuti wagula pokhapokha mwaona ndalama mu akaunti yanu. Sikirinishoti kapena meseji yotumizidwa ndi kasitomala si ndalama, akuba amazipanga tsiku lililonse.

Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, ndikudziwa, makamaka tsiku limene maoda achuluka. Koma ndimamva chisoni ndikaona mayi amene wakongola kubanki mkhonde akuthira ndalama mwezi ndi mwezi pa adiveti imene sakudziwa ngati inamubweretserapo wogula.

5. Onetsetsani kuti mungathe kulipira

Google ndi Meta amalipiritsa ndalama zakunja, kawirikawiri madola, kudzera pa khadi la Visa kapena Mastercard. Ndi vuto la ndalama zakunja limene lili m'dziko muno, khadi limene likugwira bwino m'sitolo likhoza kukanidwa pa intaneti, kapena kukhala ndi malire ochepa pamwezi. Pitani kubanki kwanu mukafunse ngati khadi lanu ndi lotsegulidwa kulipira kunja ndiponso malire ake. Malipiro akakanika adiveti imaima pomwepo, ndipo zikachitika mobwerezabwereza akaunti ikhoza kutsekedwa.

Masamu a sitepe 4 muziwerengera ndalama imene banki yadula mu akaunti, pamodzi ndi zolipiritsa zake. Kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti yomweyo ya madola imadya makwacha ambiri tsiku lomwelo pamene mitengo yanu sinasinthe.

Ena amalipira kudzera mwa m'bale wa kunja kapena mwa achinyamata amene amayendetsa maadiveti a anthu. Palibe cholakwika, koma tsamba ndi akaunti zikhale m'dzina lanu. Mupatseni munthuyo udindo pa tsambalo, musamupatse pasiwedi, ndipo muziona nokha ndalama zimene zalowadi ku adiveti. Mukangoyamba kutsatsa mulandiranso mameseji onamizira kuti ndi a Meta, onena kuti tsamba lanu litsekedwa mukapanda kudina linki. Musadine. Ndi mmene masamba amabedwera.

6. Yesani njira imodzi kwa masabata awiri

Ndalama ikakhala yochepa musaigawe pawiri, chifukwa mbali zonse zibweretsa zochepa zoti simungaphunzirepo kanthu. Sankhani njira imene masitepe atatu oyamba akulozerani, ikani ndalama imene mungapirire itatayika, ndipo muisiye iyende masabata awiri osaigwiragwira. Makina a Google ndi a Facebook amafuna masiku angapo kuti aphunzire anthu oyenera, ndipo mukasintha chithunzi kapena bajeti tsiku lililonse amayambiranso.

Mukasankha Facebook, chenjerani ndi batani la Boost. Kubusta ndi kulipira kuti positi imene ili kale patsamba ionedwe ndi anthu ambiri, ndipo mukapanda kusankha cholinga bwino, Facebook imakafuna anthu okonda kudina like ndi kulemba ndemanga. Idzawapezadi ambirimbiri, koma si ogula. Sankhani cholinga cha mameseji. Sankhaninso dera limene mungathe kukaperekako katundu. Wophika makeke wa ku Lilongwe alibe chochita ndi munthu wa ku Karonga. Jambulani katundu wanu weniweni pa kuwala kwa dzuwa, musatenge zithunzi za pa intaneti, chifukwa anthu anapusitsidwa mokwanira ndipo amazindikira. Ndipo lembani mtengo. Chizolowezi chathu chonena kuti "mtengo ku inbox" chimadzaza foni ndi anthu amene akanadzichotsa okha akanaona mtengo, pamene meseji iliyonse mukuilipira. Chichewa chimagwira bwino ntchito pa Facebook, lembani mmene mumalankhulira ndi kasitomala pa shopu.

Mukasankha Google, pali misampha itatu imene imadya ndalama mwakachetechete. Woyamba, pokonza kampeni ya Search, yomwe ndi maadiveti otuluka munthu akafufuza pa Google, pamakhala kabokosi ka Display Network. Kachotseni, apo ayi adiveti yanu iziyenda m'magemu ndi m'mawebusayiti a anthu amene sanafunse kanthu. Wachiwiri uli pa malo: Google imayamba yasankha anthu amene ali m'dera lanu pamodzi ndi amene angoonetsa chidwi ndi deralo. Kwa loji ya kunyanja zimenezo n'zabwino, koma pulambala asankhe Presence kuti aone okhawo ali m'tauni mwake. Wachitatu ndi mawu osakira. Mukangowalemba opanda zizindikiro, Google imawatanthauzira motakasuka kwambiri, moti wolemba solar jobs kapena solar installation course aona adiveti yanu, adina, inu n'kulipira. Ikani mawu anu pakati pa zizindikiro zogwira mawu, monga "plumber Lilongwe", kuti asamwazike, ndipo pa Negative keywords, polemba mawu amene simukufuna kuti azitulutsa adiveti yanu, lembani mawu onga jobs, vacancy, free, course ndi pdf. M'dziko limene achinyamata ambiri akusaka ntchito, mawu awiri oyambawo okha amapulumutsa ndalama zambiri. Masiku atatu alionse tsegulani lipoti la Search terms, lomwe limaonetsa zenizeni zimene anthu analemba, muchotse zosayenera. Musadabwe tsiku lina Google ikadya kuposa bajeti ya tsiku. Imaloledwa kufika kuwirikiza kawiri, koma pamwezi siidutsa bajeti ya tsiku kuchulukitsa ndi 30.4.

Onaninso kalendala. Kuyesa malonda a zinthu zosangalatsa mu Januwale, anthu atapanikizika ndi fizi ndi feteleza, kukupatsani chithunzi cholakwika. Mayunifomu ndi zikwama zimayenda sukulu zikamatsegulira mu Seputembala, malata ndi okhoma denga amafunidwa mvula isanagwe, ndipo ndalama zimaoneka m'matumba anthu akakolola ndi kugulitsa.

7. Tsegulani kope lija, mugamule

Masabata awiri akatha, tengani ndalama yonse imene banki yadula muigawe ndi chiwerengero cha amene agula. Ngati yankho lili pansi pa malire anu, pitirizani, ndipo onjezerani bajeti pang'onopang'ono. Pa Google mufika pamene simungaonjezerenso chifukwa ofunafuna m'tauni mwanu ndi omwewo. Imeneyo ndiyo nthawi yoyamba Facebook kuti mudziwike kwa amene sanayambe kufuna. Pa Facebook mudzaona mtengo wa meseji ukukwera pakapita masabata, chifukwa anthu omwewo aiona adivetiyo kambirimbiri, makamaka m'tauni yaing'ono ngati Zomba kapena Kasungu. Sinthani chithunzi ndi mawu. Mukayamba kumva makasitomala akunena kuti anakuonani pa Facebook kenako anakakufufuzani pa Google, onetsetsani kuti Business Profile yanu ili ndi nambala yolondola ndi ndemanga za ogula enieni.

Ngati yankho ladutsa malire, musathamangire kunena kuti njirayo ndi yoipa. Onani pamene anthu akuthera. Ngati sakudina n'komwe, vuto ndi chithunzi kapena mawu. Ngati akudina koma sakulemba kapena kuimba, vuto ndi tsamba lofikira. Ngati akufunsa ambiri koma osagula, werenganinso macheza anu a pa WhatsApp mmodzimmodzi: munayankha patapita nthawi yaitali bwanji, munatumiza chithunzi ndi mtengo nthawi imodzi, munanena ndalama ya wakabaza poyamba kapena munamudzidzimutsa nayo kumapeto? Konzani chimodzi chokha, muyesenso sabata ina. Zikakanikabe, imitsani adiveti, ndalama yotsalayo mukayesere njira inayo ndi kope lomwelo ndi malire omwewo.